Dzimbiri la penti: mfundo zofunika zimene ndinatola pakhonde ku Vubwi

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anafika kuno ku Vubwi mwezi wa Juni kuchokera ku Joni, kumene amagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi. M'chikwama chake munali bulangete la amayi ake, nsapato za ana, ndi kabokosi kena kamene sankalola aliyense kukakhudza. Tonse tinkati ndi foni yodula. Tsiku lachitatu atakatsegula pakhonde, tinaona tizidutswa ta pulasitiki totuwa tolumikizana ngati minga ya nsomba, timabotolo ta penti tosaposa chala chachikulu, ndi timaburashi ta ubweya woti ukhoza kuuwerenga. Akuti imeneyo inali sitima yankhondo, ija yokutidwa ndi zitsulo zochindikala, ya mizinga pamwamba, ndipo akaimanga n'kuipenta azikasewerera nkhondo ya patebulo ndi anzake a kugalaja.

Amayi ake anangoti, "Munthu wa ndevu zake, kuwoloka malire onsewa n'kubwera ndi chidole," n'kubwerera kumoto. Nanenso ndinaseka. Koma kwa masabata atatu ndinkangopezeka ndakhala pampando pafupi naye, magalasi ali pamphuno, ndipo mapeto ake burashi ndinaigwira ndithu. Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, choncho chizolowezi cholemba mfundo m'munsi mwa phunziro sichinandichoke.

1. Chinthu chopanda chipsera sichinagwirepo ntchito.

Atatha kumata zidutswa zonse n'kupaka penti wobiriwira, kasitimako kanakongola zedi. Ndinati, "Watha iwe, kaike pakabati alendo aziona." Iye anapukusa mutu. "Ayi amalume, ntchito ikuyamba pano. Panopa n'chidole chabe." Ndiye anayamba kuwononga dala zimene anakongoletsa: apa kupala penti, apa kuthira mwaye, apa kudontheza zooneka ngati mafuta a injini. Iye amati kuikalambitsa. Mtima unandipweteka, ngati ndikuona munthu wachapa malaya oyera kenaka n'kuwagubuduza padothi.

Koma atamaliza bogi yoyamba n'kuiika pafupi ndi inzake yosakalambitsa, maso anga anavomera mutu usanavomere. Yakudayo inkaoneka yolemera, yoti ikhoza kukuponda. Yoyerayo inkaoneka chimene inali, pulasitiki. Ife a kuno sitiyenera kuchedwa kuzimva zimenezi. Lole ikatulukira pamsika nthawi yogula soya ndi mtedza, timadziwa kumene yachokera poona fumbi lofiira limene lamatirira kumbuyo kwake ndi matope ouma kunsi kwa madigadi. Ikafika ikunyezimira, ndiye kuti yangogulidwa kumene, kapena ndi ya anthu a ndale.

Ndinaganizira za anyamata athu ochokera kunja. Amafika atavala zowala, amagulira anzawo zakumwa pagolosale, ndipo achichepere amati kumeneko ndalama amachita kutola pansi. Za kugona asanu m'chipinda chimodzi, za kuthawa apolisi chifukwa cha mapepala, za bwana amene anawadyera malipiro a miyezi iwiri, zonsezo amazisiya pachipata cha Chanida. Chikomekome cha nkhuyu. Kenaka mng'ono wawo amagulitsa ng'ombe n'kutsatira, osadziwa chimene akukakumana nacho. Mphwangayo, ali chiweramire pa kasitima kake, anandiuza zina zimene amayi ake sakuzidziwa mpaka lero. Tikanakhala maso ndi maso sindikhulupirira kuti akanazitulutsa.

2. Dzimbiri siligwa paliponse, lili ndi poyambira pake.

Tsiku lina anandipatsa bogi ya katundu kuti ndiyesere. Ine ndi changu cha mphunzitsi wopuma ndinapaka mtundu wa dzimbiri ponseponse, mpaka pamatabwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ulemu ukulimbana ndi phwete, kenaka anati, "Amalume, kodi thabwa limachita dzimbiri?" Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ananditengera kuseri kwa nkhokwe, kumene kuli ngolo yakale ndi pulawo ya malemu bambo anga. Zinthu zimenezi ndakhala ndikuzilambalala zaka makumimakumi, koma tsiku limenelo m'pamene ndinaziona. Dzimbiri limayamba pa mabawuti, pamene zitsulo ziwiri zakumana, ndi m'makona mmene madzi a mvula amatsalira. Kuchoka pamenepo limatsika ndi madziwo n'kusiya mizere yolozera pansi, yokhuthala kumwamba, yozilala kumunsi. Lakale ndi lodera ngati fodya wouma, latsopano ndi lowala ngati khungu la nachesi. Ndipo pamene manja amagwira tsiku ndi tsiku dzimbiri silipezeka n'komwe. Chigwiriro cha pulawo, mkono wa mjigo, zonsezi zimanyezimira. N'chifukwa chake iye amatenga pensulo wamba n'kukhukhutiza nsonga yake m'mphepete mwa masitepe ndi pa zogwirira zitseko za kasitimako, kuti pazioneka chitsulo choperepeseka ndi nsapato ndi manja a asilikali.

Njanji nayonso n'chimodzimodzi. M'mbali mwake ndi mofiira nthawi zonse, koma pamwamba, podutsa mawilo, pamawala ngati mpeni. Ukaona njanji yofiira ndi pamwamba pomwe, usavutike kufunsa munthu ngati sitima imabwera.

Mabanja, mipingo ndi magulu a alimi amadyeka motero. Sindinaonepo kopaletivu ikutha chifukwa cha chinthu chogwa kumwamba. Zimayambira pa bawuti: pamene ndalama ya gulu yakumana ndi thumba la msungichuma, pamene mlembi ndi wapampando ali pachibale, pamene feteleza wafika usiku ndipo oona anali awiri okha. Madzi akhala pamenepo nyengo imodzi, ziwiri, aliyense akuona koma akuti si zanga. Mzere ukamaonekera kunja ndiye kuti m'kati mwatha kale. Pomwe ubale umene anthu amaugwira tsiku ndi tsiku, kuyenderana, kuzonda odwala, kubwerekana nkhwangwa, suchita dzimbiri ngakhale ukhale wakale chotani.

3. Penti wa pansi saoneka, koma ndiye amagwira onse.

Asanapake mtundu uliwonse, anatsuka zidutswa zija m'madzi a sopo kuti achotse mafuta a kufakitale ndi a m'manja, kenaka anapopera penti wotuwa woyambirira uja amati pulaima. Pentiyu palibe amadzamuona. Koma ukamudumpha, wapamwamba amasupuka tsiku loyamba lomwe kuseweretsa. Akuti kugalaja n'chimodzimodzi: makasitomala amalipira kuwala, koma mmisiri amadziwika ndi zimene anachita galimoto isanawale. Ana amene ndinkawalandira mu giredi 8 osatha kuwerenga, vuto lawo silinali la giredi 8.

4. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Penti wa m'timabotolomu amamusungunula ndi madzi mpaka akhale ngati mkaka, n'kupaka kawiri kapena katatu, kudikira aume asanabwereze. Wopaka kamodzi kokhuthala amakwirira timisomali tonse tating'ono timene wopanga anavutika kutisema. Pali njira ina imene inandidabwitsa. Amaviika burashi mu penti wowalirako pang'ono, n'kuipukuta pa kansanza mpaka ioneke ngati youma, kenaka n'kuiyendetsa mopepuka pamwamba. Penti wotsalira m'ubweyamo amangogwira pa nsonga ndi m'mphepete, ndipo timabawuti tonse timadzuka nthawi imodzi. Palinso penti wakuda wamadzimadzi amene amathamangira yekha m'ming'alu n'kusanduka mthunzi. Koma ukathira ameneyu wa pansi asanaume, zonse zimakhala phala. Mu Juni kuno kumazizira, penti amachedwa kuuma, ndipo ine ndinawononga denga la bogi imodzi pofuna kumva ngati wauma. Chidindo cha chala changa chikadalipo.

5. Chimene iwe ukuseweretsa, wina anachikwera.

M'mawa wina anapempha mchere kwa amayi ake. Anapaka bogi mtundu wa dzimbiri, itauma anainyowetsa pang'ono n'kuwaza mcherewo, wa mibulu ndi wosalala womwe. Madzi atauma mchere unamatirira. Anapopera wobiriwira pamwamba pa zonsezo, ndipo madzulo anatenga mswachi wakale n'kuyamba kutsuka. Mchere unayoyoka, ndipo paliponse pamene panali kambulu panatsala kabala ka dzimbiri, ngati penti wasupuka yekha ndi dzuwa la zaka khumi. Ana anaombera m'manja.

Ine mcherewo unanditengera kwina. Sitima zoyenda ndi asilikali si nkhani ya ku Ulaya kokha. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya boma la Frelimo ndi Renamo, inagwira njanji pakhosi. Njanji ya ku Nacala, imene Malawi ankadalira potumiza fodya ndi tiyi kunyanja, inaima mu 1984 chifukwa chophwasulidwaphwasulidwa, ndipo mu 1987 Malawi anatumiza asilikali ake kukailondera ikukonzedwa, monga mmene asilikali a Zimbabwe ankalonderera njira ya ku Beira. Sitima zimene zinkayesa kudutsa zinkayenda ngati kamba, asilikali ali m'mabogi, anthu akutsika kukalumikiza njanji pamene yazulidwa. Licínio Azevedo, wopanga mafilimu wokhala ku Mozambique, analemba buku, kenaka mu 2016 anatulutsa filimu yake yotchedwa Comboio de Sal e Açúcar, kutanthauza sitima ya mchere ndi shuga. Ndi nkhani ya anthu wamba amene ankakwera sitima yotere ku Nampula atasenza mchere wa kunyanja kuti akasinthanitse ndi shuga wa ku Malawi. Munthu kuika moyo wake pa njanji yotcheredwa mabomba chifukwa cha thumba la shuga!

Ife nkhondoyo sitinkangoimvera pa wailesi. Dera la Vubwi, limene nthawi imeneyo linali mbali ya boma la Chadiza mpaka pamene linaima palokha mu 2012, lili pakona pamene Zambia, Malawi ndi Mozambique amayandikana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga zinkawoloka malire n'kulowa m'midzi ya kuno kum'mawa, kulanda chakudya ndi ziweto, kupha anthu, ena kupita nawo. Othawa nkhondo anadzaza m'midzi ya m'malire, ambiri anatengeredwa ku Ukwimi ku Petauke, ndipo ku Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Patatha zaka zitatu, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la Christian Council of Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anadula mfutizo n'kuziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha uli ku British Museum ku London. Kukalamba kwa zitsulo za mpando umenewo palibe anachita kukupenta.

Mphwanga anabadwa zonsezi zitatha. Sindinamufotokozere kuti aleke masewera ake ayi. Ndinkangofuna kuti akamaboola timabowo ta zipolopolo ndi singano yotentha pa chitseko cha bogi, azidziwa kuti kuseri kwa chitseko chotero kunkakhala munthu, ndipo mwina anali mayi wa mchere uja.

6. Mphamvu yosatha kukhota ndi msampha wa mwini wake.

Pa bokosi la kasitimako panali chithunzi choopsa: utsi, moto, adani akuthawa. Mbiri yeniyeni ya sitima zimenezi ili ndi mbali ziwiri. Pa 1 Sepitembala 1939, tsiku loyamba la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima yankhondo ya ku Poland yotchedwa Śmiały inathandiza kubweza akasinja a Germany pa mudzi wa Mokra. Koma zaka 40 m'mbuyo mwake, kuno ku Africa, pofookera pa chilombochi panali pataoneka kale. Pa 15 Novembala 1899, pa nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi, sitima yotere inanyamuka ku Estcourt ku Natal kukazonda adani. Mabunu anaisiya idutse, n'kuunjika miyala panjanji kumbuyo kwake. Pobwerera, ili pa liwiro lothawa mizinga, inagunda miyalayo ndipo mabogi anagwa. Mmodzi wa ogwidwa tsiku limenelo anali mtolankhani wa zaka 24, Winston Churchill, amene anakatsekeredwa ku Pretoria n'kuthawa mwezi wotsatira, mpaka anakatulukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, atabisala m'sitima ya katundu. Zitsulo zonse zija zinagonjera miyala ya m'mbali mwa njira, chifukwa mdani ankadziwa chinthu chimodzi: yapita ndi njira iyi, ibwera ndi njira yomweyi.

Mphwanga akuti patebulo n'chimodzimodzi. Wosewera watsopano amakondwa akapatsidwa sitima poona kuchuluka kwa mizinga yake, koma wozolowera salimbana nayo. Amangotuma tiasilikali tiwiri kukadula njanji, basi.

Ndikuwadziwa amuna otero, ndipo nthawi ina ndinali mmodzi wa iwo. Mawu awo ndi amodzi, ndanena ndanena. Pakhomo onse amawaopa. Koma aliyense amadziwa kumene adutse, chimene chingawapsetse mtima, ndi poika mwala, mwakuti mwana wa zaka khumi amatha kuwagwetsa. Mkamwini wobwera ndi njanji yakeyake pamudzi wa eni sachedwa kupeza katundu wake ali panja.

7. Yeza chinthu ndi muyeso wake.

Kasitima kameneka ndi ka muyeso wa 1:72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa iko ikuimira masentimita 72 pa sitima yeniyeni. Msilikali wotalika mamita 1.8 amakhala wa masentimita 2.5, ndipo bogi ya mamita 12 imakwana m'dzanja, pafupifupi masentimita 17. Njanji za kuno kwathu, za ku Malawi ndi za ku South Africa, zimene zitsulo zake zimatalikirana mamilimita 1,067, pa muyeso umenewu sizikwana n'komwe mamilimita 15.

Zotsatira zake n'zoseketsa. Anafuna fumbi la pa mawilo, ndipo ine ndinamutapira mchenga wa pabwalo. Anati, "Amalume, kambulu kamodzi aka, kwa msilikali uyu ndi mwala wogendera galu." Anatuma ana kukatapa katondo, anamupera, anamusefa kawiri ndi kansalu kopyapyala mpaka anasalala ngati ufa woyera, ndiye n'kumupaka ndi burashi youma. Mwaye anakapala kunsi kwa mphika. Motero sitima ya ku Ulaya inavala fumbi la ku Vubwi. Mitundu nayonso amaizilalitsa pang'ono, chifukwa chinthu cha patali sichioneka ndi mtundu wake wonse, monga mmene mapiri a m'malire amatuwira masana. Kuyang'ana kasitima utaima mita imodzi kuli ngati kuyang'ana yeniyeni utaima mamita 72.

Milandu yambiri yofika pabwalo la mfumu ndi mchenga woikidwa pa muyeso wolakwika. Nkhuku yalowa m'dimba, mawu alankhulidwa pamaliro, mzere umodzi wa chimanga wadumpha malire, ndipo abale aleka kupalana moto zaka zisanu. Koma zimachitikanso motembenuza: chimene wamkulu akuti ndi kafumbi, kwa mwana ndi mwala. Mawu a mphunzitsi akuti "iwe sudzaphula kanthu," kwa mwini wake amatha belu likalira. Ndinakumanapo pa chigayo ndi bambo wa ana anayi amene anandikumbutsa mawu anga otero, ndi tsiku lake lomwe, ndi malaya amene ndinavala. Ine sindinkakumbuka n'kamodzi komwe.

8. Usanyoze luso la pakhomo chifukwa labwera lopanda bokosi.

Ana a m'mudzi ankazungulira khonde tsiku lililonse. Ambiri a iwo sanaionepo sitima ndi maso, ngakhale kuti njanji yochokera ku Mchinji, imene ntchito yake inayamba mu 1982, inatsegulidwa ku Chipata mu Ogasiti 2010, nthawi ya Rupiah Banda. Sabata lachiwiri anawo anasowa masiku awiri. Tsiku lachitatu tinamva chiphokoso kunjira: akubwera ndi sitima yawo. Mutu wake unali wa waya wopinda womangidwa ndi malegeni, mabogi a zitini za nsomba ndi zigubu za mafuta ophikira zodula pakati, mawilo a zitsekerero za mabotolo ndi zidendene za patapata, mzinga wa chubu cha bolopeni. Inali ndi chiwongolero chachitali ngati galimoto zawo za masiku onse, chifukwa kwa iwo chinthu chosakhota n'chopanda nzeru. Ndipo sinafune kukalambitsidwa. Dzimbiri inabwera nalo lake.

Mphwanga anakhala chete, kenaka ananjuta n'kuyamba kufunsa mmene analumikizira mabogiwo kuti azitsatana pokhota. Iye anagula zidutswa zodulidwa kale ndi makina, pamodzi ndi pepala lomuuza kuti ichi chikhale apa. Anawo analibe pepala. Ndinamuuza kuti asadabwe, ngakhale sitima zenizeni zankhondo zina zinali za mtundu womwewu wa kutola chimene chilipo. Pa nkhondo ya Mabunu ija, amalinyero a Angelezi anakuta injini ina ndi zingwe zikuluzikulu za m'sitima zapamadzi kuti zipolopolo zisaiboole, ndipo asilikali ataiona ili nyankhalala anaitcha Hairy Mary.

Luso lochepetsa dziko kuti likwane m'manja si lachilendo kuno. Tikuweta kudambo tinkaumba ng'ombe za dongo, nyanga zake ndi linunda lomwe, n'kumazimenyanitsa mpaka ya wina ithyoke khosi. Amene amapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti amadziwanso kuti gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, sanaope zinthu zobwera. Pakati pa zilombo zake pali Galimoto. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wopinda galimoto ya masipuling'i ogwira ntchito timamukalipira kuti akutaya nthawi, m'malo momufunsa kuti anadziwa bwanji kukula kwa tayala loyenera thupi limenelo. Masamu a muyeso amene ndinkavutika kuwalowetsa m'mitu pabolodi, ena anali nawo kale m'zala.

9. Sewera, koma yamba wayang'ana amene wakhala pamkeka.

Loweruka lomaliza tinasewera. Anayala bulangete lobiriwira patebulo, mabuku kunsi kwake kukhala mapiri, njanji pakati, timiyala ndi tinthambi m'mbali. Anali ndi tepi yoyezera, madayisi awiri ndi malamulo olembedwa: msilikali wa pansi ayenda masentimita akuti, mzinga ufika pakuti, ndipo dayisi ndiye agamula ngati chipolopolo chalasa. Masewerawa ndi akale. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake nkhondo yosewerera pa mapu, mbali ina yofiira ina yabuluu, ndipo iwo anailandira kuti aziphunzitsira atsogoleri a asilikali. Mu 1913 mlembi wa ku England, H. G. Wells, anatulutsa buku la Little Wars, la malamulo omenyanitsira tiasilikali ta mtovu pansi m'nyumba. Maganizo ake anali akuti amene wasewera nkhondo yaing'onoyi aona yekha kupusa kwa yaikulu. Chaka chotsatira yaikuluyo inabuka.

Kwa ine zinali nsolo basi, kungoti njere zake zavala yunifolomu. Pansi pa mtengo pamsika amuna amadyana pa nsolo, kunyozana, kulumbira, ndipo dzuwa likapendeka wodya ndi wodyedwa amamwera chikho chimodzi. Ndinagonja kawiri. Kachitatu ndinakumbukira Mabunu aja, ndinazembetsa tiasilikali tanga kuseri kwa phiri la buku la nyimbo kukadula njanji, ndipo mphwanga anakuwa, "Amalume, mwandipha!" Tinaseka mpaka misozi.

Mlongo wanga, amene ankaswa mtedza pamkeka, sanaseke. Anangoti, "Ife galu akauwa tinkakagona kuthengo, mwana ali kumsana, pakamwa pake titatseka ndi dzanja." Kenaka anapitiriza kuswa mtedza wake. Sindikuti masewerawa ndi tchimo. Pa nsolo napo anthu amadyana koma palibe amapita kumanda. Komabe madzulo amenewo palibe anaponyanso dayisi, ndipo mphwanga anatola tiasilikali take mwakachetechete, kamodzikamodzi.

10. Dziwa polekezera.

Chimene chimagwetsa okalambitsa ambiri, akutero mphwanga, ndi kukoma kwa ntchitoyo. Mzere umodzi wa dzimbiri ukakhala bwino umaitana unzake, mpaka sitima yoyenera kuoneka ya pantchito imaoneka ngati yofukulidwa kudzala. Chonsecho asilikali enieni ankapukuta mizinga yawo n'kuithira mafuta, popeza moyo wawo unali pomwepo. Iye lamulo lake n'lakuti akaona ngati patsala pang'ono, amaika burashi pansi n'kukawongola miyendo, ndipo mawa lake nthawi zambiri amapeza kuti ntchito inatha dzulo. Mchere umawonjezereka mu ndiwo koma suchotseka. Podzudzula mwana m'pamene ine ndinachedwa kuiphunzira mfundo imeneyi: chiganizo choyamba ankamva, chachiwiri ankapirira, chachitatu ankangowerenga malata a denga.

Tsiku lonyamuka sitimayo sanaitenge. Anati m'mabasi a ku Joni amaponya katundu ngati matumba a makala, mizinga ingathyoke, adzaitenga pa Khirisimasi atapeza bokosi lolimba. Vanishi womangira fumbi lija anali asanapopere, chifukwa kachitini kake kanathera panjira. Anaiika pamwamba pa kabati ya amayi ake, pakati pa mbale za alendo ndi chithunzi cha ukwati.

Mwezi watha ndinapita kukamuona mlongo wangayo. Kasitima kali pomwepo, pa kansalu koyera koluka, kali biriwiri. Katondo yense uja, mwaye wonse uja, palibe. Ndinafunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Ndinakatsuka ndi sopo," anatero. "Mwana uja anakasiya kali bii. Alendo aziti chiyani, achimwene? Aziti m'nyumba muno mulibe munthu?"

Timabala ta mchere tokha ndi timene tinakana kuchoka, ndipo akuti atipeza Loweruka likubwerali ndi phulusa. Mwini wake anaimba foni usiku womwewo kufunsa za moyo. Pomaliza anafunsa ngati sitima yake ili bwino, ndipo amayi ake anamuyankha kuti sinakhalepo bwino chonchi.